Mwala wa pa Sikelo

Bambo anga, Che Lajabu, sanandisiyire munda.
Anandisiyira sikelo ya mbale ziwiri
ndi mwala wachitsulo wa kilo imodzi,
wakuda, wosalala chifukwa cha manja.
Ndimakhala nawo pamsika wa Namwera,
pafupi ndi pamene amaima anyamata a kabaza.

Mwalawu sudziwa nkhope.
Akabwera shehe, kilo.
Akabwera mkazi wa wapolisi, kilo.
Ngakhale Abiti Ndembo, amene tinayambana pamaliro chaka chatha,
nandolo wake amalemera monga wa wina aliyense.

Chaka chino kunabwera pepala la chidindo.
Analimata pakhoma la sitolo ya feteleza:
mtengo wa nandolo ndi uwu, osatsika,
ndipo thumba lisadutse pa Chiponde popanda chilolezo.
Amene analilemba, ndikhulupirira, anali ndi mtima wabwino.
Koma sanaone kuti mvula inadula msanga ku Katuli,
kuti lole ya Amidu yathyoka sipuling'i pa Chowe,
kuti kutsidya, ku Mandimba, ogula afika atatu m'malo mwa mmodzi.
Ife izi timazimva mu mtengo,
pakuti mtengo ndi uthenga:
umayenda pakamwa, umakwera njinga,
umasintha dzuwa lisanafike paliwombo.
Pepala limangokhala pakhoma, likusuluka.

Ogula anapinda masaka awo, napita.
Nandolo anagona m'nyumba, anankafumbwe nachita ukwati.
Chilolezo chinalipo, inde,
ku boma, kuseri kwa chitseko chachitatu,
ndipo anachipeza ndi uja mlamu wake amagwira momwemo.
Iyeyo anagula usiku pamtengo wa misozi,
m'mawa nadutsa pachingwe cha pamsewu akuimba mluzu,
kapepala kali m'thumba la malaya.

Sindikunena kuti boma lichoke.
Sumani atatenga matumba anga anayi nakana ngongole,
ndinatsika phiri, ndinawoloka Shire,
ndinakhala pabenchi la khoti masiku awiri
ndi chinangwa chimodzi chomanga pansalu.
Woweruza sankadziwa ine, sankadziwa iye.
Anatifunsa tonse funso limodzi:
munagwirizana zotani, ndipo analipo ndani?
Tsiku limenelo lamulo ndinalikonda.
Linali lozizira, lolemera, losaseka ndi munthu,
ngati mwala wa bambo.

Ndiye zopempha zanga n'zochepa.
Kwirirani maenje a mumsewu.
Gwirani wakuba, ngakhale atavala jekete.
Bwerani ndi mwala wanu mudzayese wanga;
mukaupeza wopepuka musavutike ndi unyolo,
kukhoti ndidzapita ndi miyendo yanga.
Koma zimene ine ndi Abiti Ndembo tingagwirizane,
iye atakumbukira thukuta lake,
ine nditawerenga mafuta a lole ndi sukulu ya mwana,
zimenezo mutisiyire.
Ndaona ndi maso anga:
lamulo likayamba kusuzumira nkhope,
amene alibe mlamu ndiye amalipira.

Dzulo mwana wanga Asiyatu
anaunyamula mwalawo ndi manja awiri, nafunsa,
"Amayi, anaulamula ndani kuti ukhale kilo?"
Ndinakanda kumutu.
Ndinati, "Anthu anagwirizana kalekale,
ndipo palibe wololedwa kuupala,
ngakhale amene amasunga chidindo."
Sanakhutire, koma anaubwezera pambale.

Kenako anatulukira Abiti Ndembo, beseni pamutu.
Sanandipatse moni. Nanenso sindinam'patse.
Anatula, ndinayesa, mbale zinalingana.
Anatchula mtengo wake, ndinaseka.
Ndinatchula wanga, anatembenuka ngati akupita,
mapazi atatu,
nabwerera.