Musanalipire Dipoziti, Abiti Jafali

Mwandiitana, ndabwera ndi tepi m'thumba.
Mwaloza kudenga kwa shopu yanu ya pa Chinamwali:
"Taona, Likagwa, mphepo yokhayokha,
ndikulipirira lendi akangaude."
Zoona. Mamita asanu kufika kumalata,
inu mukupanikizana ndi katundu pansi.
Nsanja yachitsulo itheka.
Koma ndalamayo ibwezeni kaye m'chikwama.

Chokwera pamwambapo n'chiyani?
Mwati makatoni a sopo ndi ndowa zapulasitiki.
Ndamva. Koma ndimakudziwani:
ukadzatsika mtengo mpunga wa ku Domasi
mtima wanu sudzapirira.
Thumba limodzi, makilo makumi asanu.
Matumba zana
ndi khola la ng'ombe litaima pamutu panu.
Chitsulo sichimva "pepa, ndi lero lokha."
Ndiuzeni kulemera kwa tsiku la dyera,
osati kwa tsiku la ulemu.

Ndagogoda pansipa ndi hamala,
simenti yayankha ngati ng'oma.
M'kati muli mphako.
Katundu yense uja amatsika ndi mzati
n'kuthera pa kamalo konga chikhatho.
Tikumba maenje asanu ndi limodzi,
tithira konkire, tidikira kuti akhwime.
Masabata, osati mawa.
Mudzandida masiku amenewo. Ndinazolowera.

Eni nyumba mwawauza?
Akhonsolo aiona pulani?
Ndinaonapo nsanja ku Matawale,
penti akadanunkha,
ikudulidwa ndi gulainda yomwe inaipanga
chifukwa cha pepala limodzi lopanda chidindo.
Ndipo poti khomali si lanu, timange ndi mabawuti.
Chowotcherera chimatsala ndi mwini malo,
chomangitsa chimakwera nanu lole.

Muitaneni Twaibu, mlongoti wanu uja,
aime apa, akweze mkono.
Pansi munthu ayende chowongoka,
pamwamba asakwawe ngati buluzi,
ndipo kumbukani Okutobala:
pafupi ndi malata sopo amatuluka thukuta.
Masitepe akudyerani mashelefu awiri.
Alekeni adye.
Wotsika atasenza thumba saona mapazi ake.
Chotchinga cha m'mphepete si chokongoletsa;
kamdzukulu kanu kakwera kauntala kawiri
ine ndili chiimire pompano.

Mwati chiswe sichidya chitsulo.
Eya, koma kuno ku Zomba chitsulo chili ndi chiswe chake.
Nkhungu ikatsika m'phiri mam'mawa a Julaye
imalowa pansi pa chitseko osaodira,
n'kukagona pa msoko uliwonse umene burashi inaphonya.
Penti wofiira kaye, kawiri.
Wobiriwira mukumufunayo adikire.

Za mnyamata wa ku Mpondabwino ndazimva,
amene wakutchulirani theka la mtengo wanga.
Sindimunena. Naye ali ndi ana.
Ingomufunsani kukhuthala kwa chitsulo chake,
alembe papepala, mamilimita ake,
musayeze ndi diso, penti amanenepetsa.
Kotesheni yanga imafa pakatha sabata.
Si nkhanza:
zitsulo zikuchokera ku Limbe
ndipo kwacha sadzuka pamene anagona.
Magetsi akathima jenereta imwa za ndani?
Nazonso tilembe lero, tikadasekerana.

Mwangoti zii.
Mukuyesa ndabwera kudzakuletsani.
Ayi, mayi.
Ine ndikamaliza ndimakulunga mawaya anga,
ndimakwera kabaza, ndimapita.
Otsala pansi pake ndinu,
pa mpando wothyoka mkono uwo,
kuwerenga chenji, kukangana ndi angongole,
kusinza pang'ono ikamakwana thu koloko,
chaka ndi chaka,
matani ali lende pamwamba pa duku lanu
inu osadzutsa mutu n'kamodzi komwe.

Chimene ndikugulitsani n'chomwecho:
kusayang'ana kumwamba.

Tsono gwirani nsonga ya tepiyi,
muikanikize pakona paja, kuseri kwa sikelo.
Ayi, pansi penipeni.
Eya. Musasunthe.