Ngongole ya Dzuwa

Dzuwa lili ndi ngongole yanga,
ndipo ndinaisunga m'mutu, tambala ndi tambala.
Zaka khumi ndi zinayi pa esiteti ku Chamama
linandiwotcha pakhosi ndikuthyola fodya wa eni,
linandisenda msana ngati mbatata yootcha.
Chaka chija mvula inadula mu Januwale
linaima pamwamba pa munda wanga masabata atatu,
osaphethira,
mpaka chimanga chinapota masamba ngati anyezi.
Ndinalitukwana. Zelipa ndi mboni.

Tsono chaka chatha, nditagulitsa soya,
anzanga akuthamangira njinga zamoto,
ine ndinatsika basi ndi galasi lakuda la sola,
batire, mapaipi, ndi pampu
yaing'ono ngati kamwana ka mbuzi.
Mlamu wanga Gelesomu anaseka mpaka kutsokomola:
"Alamu, mwagula zenera lopanda nyumba?"
Sindinamuyankhe.
Ndinakalitsamiritsa kudimba, m'mbali mwa Dwangwa,
nkhope kuyang'ana kumpoto
monga anandiuzira mnyamata wa m'sitolo,
ndipo ndinaloza kumwamba ndi chala:
tsika, tiwerengerane.

Pampu ilibe mawu ambiri.
Imangong'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo,
madzi n'kumakwera okha chitunda chija
chimene Zelipa ankakwera ndi makheni awiri
kambirimbiri tambala asanatsike mumtengo.
Tsiku loyamba anaima manja ali m'chiuno,
kuyang'ana madzi akulowa m'mabedi a tomato,
kenako anayang'ana manja akewo
ngati sakudziwa poti awaike.

Mu Okutobala, dziko lonse lili mbuu,
pathu pali mpiru, anyezi, chimanga chachiwisi.
Dzuwa lomwe lija, lomwe lija ndithu,
likamakwiya kwambiri ndi pamene madzi amathamanga.
Ndimaseka ndekha pansi pa chisoti.
Kwiya, ndimatero. Kwiyanso.

Madzulo zotsala zake zimagona m'batire.
Babu mmodzi pabalaza, wina pakhonde.
Mwatitha amawerenga mpaka ndimukalipire kuti akagone,
ndipo m'mawa mphuno zake sizikhalanso ndi mwaye wa koloboyi.
Pa alumali pamagona mafoni asanu ndi awiri a eni,
akuyamwa ngati tiana ta nkhumba.
Ya Gelesomu ili pomwepo, yong'aluka galasi ija.
Amalipira ngati wina aliyense.

Sindinama, wangongole ndi wangongole.
Mu Juni limabisala kuseri kwa mitambo masiku anayi,
pampu n'kumatsokomola, kulavula pang'ono, kukhala chete,
ife n'kutsitsanso makheni pa msomali.
Batire loyamba linafa tisanakolole kawiri
chifukwa ndinaliumiriza kuimba wailesi usiku wonse pa maliro.
Ndipo akuba aliko:
kukamada ndimabereka galasi kumsana kupita nalo kunyumba,
ine bambo wa imvi,
ana a sukulu akundilozerana.

Silinamalize kulipira.
Ng'ombe ziwiri tinagulitsa chaka cha njala silinabweze.
Malata a mbali ya kuchipinda silinabweze.
Khungu la pakhosi pangali silingabweze n'komwe.
Koma fizi ya teremu ino yachokera kwa ilo,
ndi nsapato za Zelipa, zofiirira, za zingwe,
zimene amavala popita ku tchalitchi basi.

M'mawa uliwonse ndimafika kudimba ilo lisanafike.
Ndimanyowetsa kansanza ka chitenje chakale,
kupukuta fumbi ndi zitosi za mpheta pagalasi,
pang'onopang'ono, ngodya ndi ngodya.
Zelipa amati, "Munaona kuti munthu
akusambitsa kumaso amene anamudyera chuma?"

Ndimati, mayi, wangongole umamusamala.
Umamufunira moyo wautali.
Kenako ndimakhala pa chitsa, kufunda jekete,
maso kum'mawa,
kudikira kuti atulukire pamwamba pa mabulugamu
ndi zimene wanditengera lero.