Mzere Wachisanu ndi Chiwiri

Chiperoni chagona pa phiri la Ndirande masiku atatu,
wodi yonse ikutsokomola
ngati minibasi zotopa pa mtunda wa Nyambadwe.

Pachitseko cha kachipinda komwe timamwera tiyi
amatapo pepala:
katemera wa chimfine wabwera, ogwira ntchito lembetsani.
Mizere makumi anayi,
maina asanu ndi limodzi.
Loyamba ndi la a Likwanya okolopa,
zilembo zikuluzikulu zotsamirana.

Ine Edesi, amene ndaboola mikono yosawerengeka,
amene ndimati, "Musaope mayi, ndi kanyerere chabe,"
ndimadutsa pepalalo chozyolika
ngati pa golosale pomwe ndili ndi ngongole.

Sisitala Namaona akuti chimfine si matenda,
mandimu, uchi, kufukiza bulugamu, kwatha.
Wa ku labu wamva zina kwa mlamu wake pa foni,
sakuzikhulupirira, komabe.
Dokotala wachinyamata akuti mawa,
ndipo mawa lakelo lili ndi ndevu tsopano.
Ine ndimati mkono ukatupa
andichapire yunifolomu ndani?

Lachiwiri lija ndinabwera mphuno zikudontha,
Ndikanatani? Tinali anamwino awiri
pa mabedi makumi asanu, ena ali pansi.
Ndinameza mapiritsi, ndinamanga masiki,
koma inkatsetsereka ndi thukuta.
Ndinawerama pa a Mandiwa a mphumu
kuwakonzera pilo, kuwamwetsa madzi.
Anati, "Mwanawe, manja ako akutentha."

Lachisanu anali pa okosijeni,
nthiti zikukwera ndi kutsika ngati mvukuto.

Sindikuti ndine.
Wodi ili ndi zitseko zambiri,
odzazonda amalowa ndi mabasiketi ndi zikhosomo zawo.
Koma usiku ku Machinjiri, magetsi atazima,
ndinawerenga masiku pa zala,
ndinabwerezanso,
zala zinakana kundikhalira kumbuyo.

Anatuluka patatha milungu iwiri, akuyenda mogwiriziza.
Mwana wawo anandisiyira phava la nthochi,
akuti zikomo powasamala.
Nthochizo zinadera pawindo.
Sindinathyolepo n'imodzi yomwe.

Lero ndapinda mkono wa juzi.
Wondibaya ndi mwana wasukulu, Tiyese,
ndinamuphunzitsa ndine kugwira jakisoni
pa lalanje la ku msika wa Limbe.
Chala chake chikunjenjemera,
thonje lozizira likuzungulira paphewa.
"Musaope sisitala," akutero,
"ndi kanyerere chabe."
Ndayang'ana kukhoma,
pa kalendala ya chaka chatha imene palibe waichotsa.

Si nyerere ayi. Ndi linthumbu.
Amayi onse aja, pepani.

Cholembera cha pachitseko chinatha inki kalekale,
ndabwereka cha a Likwanya.
Andiyang'ana, mopu ili m'manja, osanena kanthu.
Ndalemba dzina langa pa mzere wachisanu ndi chiwiri,
ndamangirira cholemberacho ndi bandeji pa msomali.

Pansi pa dzina langa pali mbee,
ndipo Sisitala Namaona akubwera m'khonde,
kapu ya mandimu m'dzanja,
akuyetsemula.