Zokanidwa pa Sikelo

Lolemba ndinawauza: mawa mubwere ndi zimene kwanu mwataya.
Lachiwiri mphepo ya ku El Alto inawakankhira pachipata,
masaya atang'ambika ndi chisanu,
m'manja muli chuma cha m'bini.

Wilmer anadzaza zitsekerero m'sokosi ya bambo ake,
zikulira ngati ndalama.
Eusebio anakoka katoni yomuposa msinkhu.
Maribel, zitini zitatu za nsomba, fungo likadalimo;
tinatsegula mawindo, tinazizidwa, tinatsekanso.

Nayra anabwera chimanjamanja.
Ndinamufunsa, mwina mokweza kwambiri.
Anayang'ana nsapato zake.
"Kwathu sititaya," anatero.
"Amayi amatola. Amakagulitsa pa sikelo."

Choko chinandithyokera m'zala.
Pabolodi n'kuti nditajambula kale
mivi itatu yothamangitsana,
ndikuyesa phunziro lonse ndi lomwelo.

Ndinamusiyira tebulo langa.
Anakwera pampando, napinda manja a juzi,
nayamba kugogoda botolo lililonse ndi chikhadabo,
khutu lili tcheru.
"Loyerali amagula. Lobiriwirali mtengo ngwotsika.
Pepala lonyowa salifuna.
Chitini muziyamba mwachiponda, chisadye malo m'thumba."
Ana makumi atatu ali zii,
chinthu chimene ine sindinachikwanitsepo chaka chonse.

Zogulika anaziunjika pakona, sitinazikhudze.
Zokanidwa pa sikelo ndizo tinapangira kondori,
chimbalame cha m'mapiri athu ano.
Ambulera yothyoka inapereka mapiko,
majumbo akuda tinawang'amba kukhala nthenga,
khosi loyera linachokera m'thireyi ya mazira.
Guluu atatha tinakandira ufa wa tirigu m'madzi.
Eusebio analira, akuti mlomo wapindika.
Maso ndi mabatani awiri osiyana,
ndiye mbalame yathu imayang'ana
ngati ikukayikira zimene wanena.

Tinaipachika kudenga, moyang'ana phiri la Illimani.
Phiko lamanzere ndi lalitali,
chitseko chikatseguka imazungulira yokha.

Lachisanu amayi a Nayra anafika ndi thumba kumsana
kudzatenga za pakona zija.
Anaima pakhomo, osafuna kulowa ndi fumbi.
Anakweza maso, nayang'ana nthawi yaitali.
"Waya uyo," anatero, "akanagula."
Kenako anaseka, dzanja lili pakamwa,
mwana wawo akuwakoka siketi:
lowani, dzaoneni nthenga zimene ndamata ine.