Kumvetsera Khoma

Ndisaname, nyumbayo ndinali nditaikonda kale.
Ili pa Chitakale, kuseri kwa poimira maminibasi,
sitolo kumaso, zipinda zitatu kumbuyo,
khonde lalitali la mamangidwe a Amwenye akale.
Penshoni yanga ya zaka makumi atatu
zolemba makilo a tiyi pa esiteti
inali itayala kale mphasa m'zipindamo
ine ndisanapatsidwe kiyi.

Mwana wanga ndiye anaumitsa khosi:
Amayi, chikomekome cha mkuyu.
Muyambe mwaitana woyeza nyumba.

Mayi Nakhumwa anafika Lachiwiri, chiperoni chitaphimba phiri,
atavala majombo, tochi m'thumba,
kanyundo, levulo, ndi kamakina konunkhiza chinyezi.
Penti sanamuyang'ane n'komwe.
Anayamba n'kuzungulira panja,
kulondola njira imene madzi amadzera
akamatsika m'phiri mu Febuluwale.
Anagwada pangalande, nakumba ndi chala.
Apa maziko akhala akumwa, anatero,
ndipo sanayambe chaka chino.

M'kati, go, go, go,
khutu pafupi ndi khoma
ngati nesi pachifuwa cha mwana wa chibayo.
Mng'alu umene unkandisowetsa tulo,
wautali uja wa pamwamba pa windo,
anaupisa nsonga ya kiyi, naseka:
Uwu ndi wa pulasitala chabe, khwinya la ukalamba.
Koma khoma la kum'mawa,
losalala, lopakidwa laimu dzana lomweli,
linayankha ngati ng'oma yogona pamvula.
Anapala pang'ono.
Njerwa inanyenyeka m'manja mwake ngati chigumu.

Bambo Mukhuna, eni kugulitsa,
anatsokomola, nayamba kufunafuna kanthu mufoni.

Kenako makwerero.
Analowa musiling'i mpaka kutsala majombo okha,
mileme ikutuluka mokwiya.
Anatsika ndi chidutswa cha phaso,
kunja thabwa, m'kati dothi lokhalokha.
Chiswe sichigogoda polowa, mayi.
Mitanda isanu ndi iwiri yapita.
Malata a kukhitchini asanduka sefa.
Mawaya a magetsi ndi okuta nsalu aja,
aakulu kuposa inu ndi ine.
Koma mtanda wapakati, tanunkhizani.

Anandipatsa zala zake.
Mkungudza wa m'phiri lomweli,
wodulidwa amayi anga asanamere mano,
ukununkhirabe ngati aucheka m'mawa.

Pafelemu ya chitseko chakumbuyo
ndinapeza timizere ta pensulo, wina pamwamba pa unzake,
pambali pake zilembo zopindikapindika zimene sindiziwerenga.
Mwana wina ankakula pamenepa.
Mzere womaliza unandifika paphewa, basi.
Zimenezo mulipoti mulibe.

Lipoti linabwera Lolemba, masamba khumi ndi anayi,
zithunzi, timivi tofiira,
ndi mtengo wokonzera wolembedwa mosanyengerera.
Ndinaliwerenga kawiri,
kachitatu nditapukuta magalasi,
manambala osasintha.

Ndinaimba foni. Nanga ndigule?
Anati, yanga ndi kumva zimene nyumba ikunena
n'kukuuzani zonse, zowawa ndi zokoma zomwe.
Kuyankha n'kwanu.

Usiku umenewo bondo langa lamanzere linayamba zake,
monga lichitira kukazizira.
Ndinaligogoda ndi chala, go, go,
n'kuseka ndekha mumdima.
Akanandiyeza ine Mayi Nakhumwa
masamba khumi ndi anayi akanachepa.

M'mawa ndinapita kwa Bambo Mukhuna
tsamba lachisanu ndi chinayi nditalipinda pakona.
Ndinaliyala patebulo, chala changa pakhoma la kum'mawa.
Anati laimu uja anapaka ndi mlamu wawo.
Ndinati ndamva, koma mtengo utsike.
Mpaka lero tikukambiranabe.

Madzulo ndikamachokera kumsika ndimadzera komweko.
Ndimaima pakhonde, nanazi m'jumbo,
n'kusanjika dzanja pakhoma lodwalalo.
N'lozizira.
Pamwamba panga, mumdima wa musiling'i,
mkungudza uja ukusenzabe denga wokha,
kudikira kuti ndinene.