Tsache la m'Kholingo

Ku Potosí mphepo ya m'mawa imaluma,
ndipo Eulalia Ticona amayamba ndi phula.
Amamizamo tizidutswa ta lama yofa dzulo,
liume kaye,
kenako lumo la makina limasenga
mopyapyala kuposa khoko la anyezi.
Utoto. Galasi. Diso pa chubu.

Apa ndi pamalire,
pomwe nyama imathera, dziko n'kuyambira:
maselo ogundana mapewa, osasiya mpata,
onse ataponda nembanemba imodzi.
Mtsempha wa magazi sulowa muno,
amadya zowadutsira kuchokera pansi.

Mu impso ndi timabokosi tozinga ngalande,
tikuweruza: mchere uwu ubwerere, madzi awa apite.
Am'matumbo ndi ataliatali, mitu yawo yaubweya
ikumwa udzu wa m'phiri wosanduka msuzi.
A chikhodzodzo amamuseketsa,
amatamuka, amakhwinyata,
amadziwa kupirira basi yonse ya ku Uyuni.
Pakhungu amasanjikizana,
apamwamba amafa kuti apansi asaume.
M'mapapo ndi aphwatalala, mzere umodzi wokha,
kuti mpweya uwoloke osagogoda.

Galasi la kholingo amalisiya komalizira.
Titsitsi tosawerengeka taima chilili,
pakati pake timaselo tonga zikho tikutulutsa mamina.
Fumbi likamatirira, titsitsi timapalasa,
m'mwamba, m'mwamba,
usana, usiku,
popanda kapitawo, popanda malipiro.

Bambo ake, don Hilarión,
anadya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri
m'mimba mwa Cerro Rico,
tsaya lotupa ndi masamba a koka,
nyali pachipumi.
Tsache lawo linasesa, silinachite ulesi.
Koma fumbi la mwala linali losalala zedi,
linazemba pakati pa titsitsi
mpaka pamzere umodzi uja
pomwe titsitsi sitimera.
Lero masitepe asanu ndi anayi a pakhomo
amawakwera ndi kupuma katatu.

Madzulo amamufunsa ali pampando, poncho m'mawondo:
waona chiyani lero pa kagalasi kako?
Tsache, bambo.
Sukulu yonse ija, kukaona tsache!
Amaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa,
chifuwa n'kutalika.

Eulalia amalowetsa dzanja kunsi kwa juzi,
amasisita msana pang'onopang'ono.
Akudziwa kuti chimene wagwira
ndi maselo akufa okhaokha, osanjikizana.
Koma n'ngofunda.
Dzanja salichotsa mpaka mpweya utabwerera.