Makwerero a ku Valparaíso

Ganizolo linali langa, ndikulumbira.
Ndinalilemba kuseri kwa lisiti la mowa
m'bala ya Don Aurelio, kufupi ndi doko,
usiku wa mu Julaye, chisanu chikuluma makutu.

Mzinda unowu unakanirira pamapiri, ndinatero.
Okalamba a pamwamba pa Cerro Cordillera
amatsika masitepe osawerengeka
kukagula buledi ndi mankhwala a mtima,
pobwerera amakwera akugwira khoma,
akupuma ngati mvukuto.
Atapezeka wina wowanyamulira katundu,
ameneyo ndalama azichita kuzipondaponda.

Anzanga anawomba m'manja.
Evaristo, mutu wakowu ndi mgodi!
Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda monyang'wa,
lisiti lili m'thumba la jekete.

Ndinayamba ndi dzina la kampani.
Linandidyera miyezi itatu.
Kenaka mtundu wa yunifolomu,
kenaka chizindikiro, bulu wamapiko,
kenaka ndinamva kuti uchi uli ndi phindu,
njinga zobwereketsa nazo,
nsomba zouma zotumiza ku Santiago.
Ichi chakoma, ichi chakoma,
mukudziwa momwe pusi anagwera.
Kope langa linkanenepa, ine ndikuwonda.

Usiku uja Rayén ankatsuka matambula kuseri kwa kauntala.
Sanawombe m'manja, manja ake anali m'thovu.

Lolemba lina anabwereka chikwama kwa mlongo wake
n'kuyamba kugogoda pamakomo.
Sabata yoyamba anapeza makasitomala atatu.
Galu wa nyumba yobiriwira anamung'ambira buluku.
Mazira khumi ndi awiri anasweka pasitepe yonyowa,
analipira za m'thumba mwake.
Señora Herminia anakhala miyezi iwiri osapereka kanthu,
atamwalira ngongole inapita nawo kumanda,
Rayén anapita kumaliro atanyamula maluwa.
Bondo linatupa, analimanga nsalu, anakwerabe.
Ali pamwambapo anaphunzira zimene lisiti langa silinadziwe:
buledi akhoza kutuma mdzukulu,
chimene chimawagonjetsa ndi silinda ya gasi,
ndi babu lopsa lomwe manja onjenjemera salifikira,
ndiponso kusowa woti awafunse kuti mwadzuka bwanji.

Lero ali ndi anyamata asanu ndi anayi
ndi kagalimoto kofiira kotsokomola utsi.
Yunifolomu alibe. Dzina la kampani alibe.
Anthu amangoti, itanani Rayén.

Dzulo ndinamupeza pansi pa makwerero akuwerenga maoda.
Ndinatulutsa lisiti lija, ndinaliwongola pabondo.
Taona deti, ndinatero. Ganizoli ndi langa.
Sindikupempha zambiri, gawo limodzi mwa magawo khumi basi.

Sanakwiye, ndipo n'zimene zinandipweteka.
Analiwerenga lonse, mpaka mtengo wa mowa.
Evaristo, anatero, aliyense amene anakwerapo apa
atasenza thumba la mbatata
ganizoli linamufikira asanafike pakati.
Wapositi analinena. Ansembe analinena.
Ine ndinalimva kwa anthu asanu ndi awiri,
iwe unali wachinayi.

Kenaka analoza silinda ya gasi yomwe inatsamira khoma.
Mnyamata wanga mmodzi wadwala lero.
Nyumba ya chitseko chachikasu, pamwamba penipeni.
Ukatsika ndikulipira monga ndilipirira enawo.

Ndiye pano ndili pasitepe ya makumi anayi.
Chitsulo chikudya phewa,
mtima ukugunda m'khosi.
Pansipo sitima zikulowa padoko ngati zidole,
pamwambapo mayi wina wasuzumira pawindo,
akundikodola kuti ndifulumire, mphika wazizira.
Thukuta lalowa m'thumba la jekete.
Ndikudziwa inki ikusungunuka,
deti lija, mawu aja,
koma manja onse awiri agwira silinda
ndipo palibe lotsala loti lipulumutse pepala.

Makumi anayi ndi imodzi.